Nyumba za Abemberezi

Woyamba anamupeza Lolemba m'mawa, ali chagada pansi pa mzati, timiyendo titapindika. Kalipentala anamutembenuza ndi pensulo imene amaipachika kukhutu. Anali bemberezi wamkulu, wakuda bii, kumsana kudakali mungu wachikasu. Sanagwedezeke. Pambali pake panali wina, m'udzu munalinso wina. Atawerenga anakwana asanu ndi awiri. Anawerenganso kachiwiri, poti maso a munthu wa imvi amanama nthawi zina, koma anakwanabe asanu ndi awiri.

"Aa! Chachitika n'chiyani pano?" anafunsa mokweza, chonsecho m'mundamo anali yekha.

Anayang'ana m'mwamba. Kanyumba ka abemberezi kanali bwinobwino pamzati pake, kadenga kali m'malo, mabowo ali yasa. Dzulo lomweli m'mabowo amenewo munkayoyoka utuchi, m'kati mukumveka kulira ngati njinga yamoto ili kutali. Lero kunali zii. Khadi lake lolembapo tizilombo linagwa pansi iye osazindikira n'komwe.

Kuti mumvetse chimene chinamuumitsa thupi bamboyu, muyenera kudziwa kuti iye ndi abemberezi anakhala pa udani zaka makumi atatu. Pamwamba pa chitseko cha shopu yake panali chikwangwani chimene analemba yekha: THABWA LATHU SILIFUMBWA. Anthu anangodula mawuwo n'kumamutcha a Safumbwa, ndipo dzinalo ankalinyadira kuposa satifiketi yake ya ukalipentala. Chiswe, anankafumbwe, abemberezi, chilichonse choboola mtengo kwa iye chinali mbala. Kuseri kwa chitseko kunkakhala kathabwa kopyapyala kamene ntchito yake inali imodzi basi. Bemberezi akangolowa kudzayendera mitengo ya denga, phwa!

Amene anasintha zinthu ndi magalagadeya. Kalipentala anali m'gulu la alimi makumi atatu olima zipatsozi pa mawaya, onse akuthirira ndi pampu imodzi ya gululo, aliyense tsiku lake. Kwa zaka zitatu maluwa ankabwera ochititsa kaso, n'kuyoyoka osasiya kanthu. Anthu anawonjezera feteleza, anasintha mbewu, anatukwana nyengo mpaka kutopa. Ndiye kunabwera mayi wina wamfupi wa ku yunivesite, wovala majombo aakulu kuposa miyendo yake, amene onse anayamba kumutcha Adokotala. Iyeyu sanabwere ndi phunziro. Anagawa makhadi ndi mapensulo, n'kupempha kuti m'mawa uliwonse aliyense azikhala pansi mphindi khumi ndi zisanu, aziyang'ana maluwa khumi, n'kulemba kachilombo kalikonse kamene katerepo. Duwa limene wateralo ndi bemberezi azilimanga kaulusi.

"Ndiye kuyunivesiteko amakulipirani chifukwa choonerera maluwa?" anafunsa mlimi wina.

"Eya," anayankha Adokotala, "koma ine maso ndili nawo awiri okha. Inu muli nawo makumi asanu ndi limodzi."

Patatha miyezi iwiri anayala makhadi onse patebulo losankhirapo zipatso m'shedi ya gulu, ndipo nkhani inaonekera yokha. Njuchi zinkabwera zambiri, koma njuchi ndi yaing'ono. Imangodutsa pansi, kukolopola mungu, n'kumapita osakhudza pofunikapo. Duwa la magalagadeya limafuna wa msana waukulu, woti akamazungulira kufuna timadzi, msanawo uzikhula pamwamba n'kusiya mungu. M'miyezi iwiri yonseyo bemberezi anaoneka ka khumi ndi kamodzi kokha, ndipo maluwa a ulusi aja ndi amene anagwira zipatso. Tsiku limenelo kalipentala anabwerera molunjika kushopu. Atafika anatenga kathabwa ka kuseri kwa chitseko kaja n'kukaponya pamoto.

Kumene abemberezi anapita anafotokoza ndi alimi eni ake. Mitengo youma imene amaboola n'kuswamo ana inathera ku nkhuni, ndipo mankhwala opopera anachuluka m'minda. Gulu linagwirizana kubzala maluwa m'malire, komanso linaika lamulo lakuti wopopera mankhwala maluwa ali otseguka atsekeredwe madzi mwezi wathunthu. Lamulo limeneli anabwera nalo ndi kalipentala, poti munthu wongotembenuka mtima kumene amalalikira kuposa abusa.

Ntchito yopanga tinyumba inagwera iye, nanga ikanagwera ndani? Adokotala anamupatsa pepala la miyezo: mtengo wofewa, utali wakuti, mabowo oyambira olowa chala chachikulu, osapaka penti, osapaka vanishi. Iye anatsatira mzere ndi mzere, n'kuwonjezerapo luso lake. Tinyumba makumi anayi tinatuluka tosalala moti mayi wapampando wa gulu anati akanakhala bemberezi akanasamuka tsiku lomwelo. Patatha milungu itatu alendo anayambadi kulowa, mmodzimmodzi, ndipo kalipentala ankayenda m'njira ngati wabadwitsa mapasa.

Ndiye kunacha Lolemba lija.

Pofika masana alimi onse anali atasonkhana m'shedi, osaitanidwa. Wina anabwera nawo m'bokosi la machesi, wina m'kapu, wina m'chipewa. Adokotala anawandanda patebulo ndi kachitsulo kopanira, mmodzimmodzi, milomo ikuwerenga chamumtima. Anakwana zana limodzi ndi atatu. Anthu anazinga tebulolo kukamwa kuli yasa. Mayi wina wolimba mtima, amene sanagwetse msozi ngakhale pamene mbuzi zinamudyera munda wonse, anafunda nkhope ndi mpango.

"Ameneyu ndi poizoni," anatero Adokotala motsitsa mawu. "Matenda sapha chonchi."

Kenako mayi wa mpango uja anati, "Ine Loweruka ndinaona munthu ali ndi pampu yopopera kumsana. Dzuwa lili apa, maluwa ali otseguka."

Sanatchule munthu, koma makosi onse anatembenukira kukhomo, kumene kunali kutangolowa mlamu wake wa kalipentala, mochedwa monga mwa masiku onse.

Mlamu ameneyu anakwatira mlongo wake wamng'ono wa kalipentala, ndipo anthu ankamutcha a Mawa. Chilichonse kwa iye chinali mawa. Geti lake linamangidwa ndi waya, wilibala ndi waya, ngakhale nsapato. Shedi yake inapendekeka zaka zisanu zapitazo ndipo inali ikuganizabe zogwa. Kanyumba ka abemberezi kamene anapatsidwa kanali kakadali pakhonde, dzenje la mzati akumba mawa. Makhadi ake ankabwera odetsedwa ndi matope, atadzaza abemberezi ochuluka mwakuti onse anati amangolemba za m'mutu ali gone pamkeka, ndipo ngakhale Adokotala anawaika pambali. Mayiyo anakonza zokaona yekha mundawo kawiri, kawiri konseko mwini munda anati mawa. Koma tomato ankamulima bwino, ndipo tomato ameneyo ndiye ankadyetsa nyumba yonse ndi kuphunzitsa ana anayi.

"Zoona, ndinapopera," anatero mlamuyo akuvula chipewa. "Nsabwe zinachuluka mu tomato. Koma anali madzi a sopo ndi tsabola, aja munatiphunzitsa inu Adokotala."

"Sopo!" wina anakuwa. "Sopo wake wochapira uti wopha zana limodzi?"

"Tisafulumire," anatero Adokotala. "Ena mwa awa ndiwatumiza akawapime. Pakatha milungu itatu tidziwa mtundu wa mankhwala ake."

Apa m'pamene kalipentala anaimirira. Mtima unali ukumupweteka zenizeni, zimenezo tisamunamizire. Koma pansi pa ululuwo panalinso manyazi a zaka zambiri, a kalipentala wotchuka amene mlongo wake amasunga katundu m'shedi yopendekeka.

"Milungu itatu!" anatero. "Podzafika kumeneko tidzakhala tikuwerenga chiyani, ntchentche? Lamulo tinapanga tokha, tonse tinakweza manja. Awa ndi alamu anga, mlongo wanga ali m'nyumba mwawo. Koma lamulo lilibe mlamu."

Anthu anawomba m'manja, ndipo kunena zoona kuwombako kunamukomera. Adokotala anachonderera kachiwiri, koma iye mwini ndi amene ananena kuyambira pachiyambi kuti gulu lizidzilamulira lokha, iye alibe voti. Manja anakwera. Madzulo omwewo kalipentala anakhoma bokosi lolimba, n'kukavundikira nalo mpopi wotsegulira madzi opita kumunda kwa mlamu wake. Anagwiritsa ntchito misomali ya mainchesi anayi. Inali nyengo yotentha, imene dothi limauma munthu asanabweze ndowa pamalo pake.

Lachinayi mlongo wake anabwera kushopu. Anaima pakhomo, mapazi ali mbuu, pamutu pakuoneka pamene pamakhala ndowa.

"Achimwene, tomato uja ali ndi maluwa. Wina wayamba kubereka. Lero ndi tsiku lachinayi."

Kalipentala anapitiriza kupala thabwa. "Tungani kumtsinje."

"Tikutunga. Mizere makumi awiri ndi mitu iwiri, mtsinje uli kuja? Tikamafika mzere wachitatu woyamba uja wauma." Anapuma. "Achimwene, bambo a kunyumba kwanga ndi ochedwa, ndi a mawa, zonsezo ndikuvomera. Koma bodza alibe. Sopoyo ndinasungunula ndine, tsabola ndinasinja ndine."

"Iwe, ukufuna anthu azinena kuti Safumbwa wakondera mlamu wake?"

Mlongoyo anamuyang'ana nthawi yaitali, monga ankamuyang'anira ali ana akamubisira chinthu.

"Chabwino," anatero. "Dzina lanu likule."

Anatembenuka n'kumapita. Kalipentala anapala thabwa lija mpaka linapyapyala kupitirira muyezo, analitaya pakona n'kutenga lina.

Lachiwiri la mlungu wotsatira, tsiku lachisanu ndi chinayi chitsekereni madzi, Adokotala anafika pashopu ndi njinga, kanyumba kamodzi katamangidwa kumbuyo. Anayala mapu pabenchi, n'kutsindira m'makona ndi tchizulo ndi tepi.

"Bambo, pali chimene chikundisowetsa mtendere," anatero. "Taonani. Munda uwu uli kumapeto kwenikweni, kutali ndi alamu anu, ndipo mphepo imachokera kumeneko. Koma nawonso anatola khumi ndi awiri. Chinanso, ndafunsa aliyense pamene anawatola. Palibe amene anatola pansi pa maluwa. Onse anatola pansi pa mizati." Anamasula kanyumba kaja. "Ndikufuna ndione m'kati. Mungandichekere pakati?"

Kalipentala anapana chipika cha kanyumbako, n'kuyendetsa sowo motsata utali wake. Chinagawanika bwino ngati buledi. M'katimo munali njira yosalala imene bemberezi anaboola, yotalika ngati chala, yokhota mwaluso moti ngakhale iye anaisirira. Kumapeto kwake kunali kampira ka mungu, kadzira koyera pamwamba, ndipo mayi wake anali pomwepo, wouma.

Koma diso la mmisiri limaona zake. Kalipentala anaona mtundu wa mtengowo: wobiriwira pang'ono kuyambira m'mphepete mpaka pakati, wofanana ponseponse, popanda pamene panatsala poyera. Kwa kamphindi chisoni chinamuchoka. Anasisita ndi chala chachikulu.

"Koma taonani apa, mayi," anatero monyadira. "Mpaka pamtima penipeni! Anzangawa amangopaka pamwamba ndi bulashi, mvula iwiri zatha. Ine ndimaviika mumgolo masiku awiri, kenako kuyanika, kenako kupala kuti fungo lichoke. Onani mmene mankhwala analowera."

Adokotala anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Mankhwala ati?"

"A chiswe. Ndi anankafu..."

Wayilesi ya telala wa khomo loyandikana inkamveka bwinobwino, wina akulengeza za mpira. Kalipentala anayang'ana chipika, anayang'ana bemberezi wouma uja, anayang'ana kukona kumene kunali mgolo wodula pakati, wovundikira ndi lata, umene unakhala pamenepo chitsegulireni shopu.

"Zonse makumi anayi?" anafunsa Adokotala. Mawu ake anali aang'ono.

"Zonse." Anayang'ananso mgolowo. "Mtengo wofewa uja, pabwalo, pamvula, sukanatha chaka. Ndinati ndilithandize gulu. Sindinauze munthu, ndinati ikhale mphatso." Kenako, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja, anawonjezera, "Papepala munalemba penti ndi vanishi."

Adokotala anakhala pampando wosamaliza, wopanda chotsamira, dzanja lili pakamwa.

"Bambo," anatero, "kachilombo kameneka moyo wake wonse ndi kuboola mtengo."

"Ndikudziwa."

Ankadziwadi, kuposa wina aliyense m'gulumo, kuposanso Adokotala. Chimene chinamuzunguza mutu n'chimenecho. Sanaiwale, sanalakwitse muyezo, sanabe kanthu. Kungoti kwa zaka makumi atatu palibe thabwa linatuluka pakhomo limenelo osalowa mumgolo, ndipo manja ake anachita ntchitoyo osafunsa mutu, monga munthu saganiza akamatseka chitseko potuluka. Anamanga nyumba makumi anayi zokongola, anaboola makomo ake, anaitana alendo, n'kuwathirira poizoni m'makoma. Ndi kathabwa kaja ankapha mmodzi pa mlungu. Ndi chikondi anapha zana limodzi pa masiku atatu.

"Cholakwa n'changanso," anatero Adokotala. Maso ake anali atafiira. "Ndinafunsa anthu makumi atatu za maluwa, za mphepo, za dothi. Kalipentala sindinamufunse mmene amakonzera thabwa. Ndinangokupatsani pepala ngati ndikutuma munthu kugolosale. Safunsa anadya phula." Anapinda mapu. "Kugulu ndikanena ndine. Ndikati pepala langa linali losakwanira, ndipo si bodza ayi. Dzina lanu sindikalitchula."

Tisabise, mawu amenewo anamukomera kalipentala ngati madzi ozizira. Anayang'ana chikwangwani chake chakumbuyo kudzera pakhomo. Pepala losakwanira, inde. Anthu angadandaule, angapukuse mitu, kenako n'kuiwala. Anatsegula pakamwa kuti athokoze.

Ndiye anaona, pansi pa benchi, zidutswa za matabwa zimene zinatsala pokhoma bokosi lija.

"Mayo!" anatero. "Tomato!"

Anatola hamala ndi theka la chipika, n'kutuluka osatseka shopu. Telala, amene anakhala naye moyandikana zaka khumi ndi zisanu osamuonapo akuthamanga, anatuluka ndi sizasi m'manja kudzaonetsetsa ngati analidi iye.

Linali tsiku losankha zipatso, ndipo m'shedi ya gulu munali anthu ambiri ngakhale zipatso zake zinali zochepa. Kalipentala analowa wefuwefu, n'kuika chipika patebulo, pamalo omwe aja anandandapo abemberezi.

"Ndawapha ndine," anatero.

Wina anaseka, akuyesa nthabwala. Ataona nkhope yake analeka.

"A Safumbwa, mukuti chiyani?" anafunsa mayi wapampando.

"Ndikuti tinyumba tonse ndinativiika m'mankhwala a chiswe. Kubiriwiraku ndi mankhwalawo. Zana limodzi ndi atatu aja, ndi ena amene anagwera kumene sitinaone, ndine. Alamu anga sanalakwe chilichonse. Ananena zoona, ine n'kuwakhomera bokosi."

Mayi wa mpango uja anagwetsa chipatso chimene anagwira, chinagubuduka mpaka kukhomo popanda wochitola. Palibe anatukwana, ndipo kutukwana kukanakhala bwino. Anthu ankangoyang'anana, aliyense akukumbukira dzanja lake lili m'mwamba Lolemba lija. Adokotala anafika ndi njinga n'kuyamba kunena za pepala lake, koma kalipentala anali atatuluka kale, ndipo gulu lonse linamutsatira.

Bokosi lija linamuvuta. Analikhoma yekha, ndipo zokhoma iye sizikhululuka. Anakoka msomali woyamba, mutu wake unaduka. Wachiwiri sunasunthe n'komwe. Thukuta lili kamukamu, anthu akumuyang'ana, anasiya zokoka n'kuyamba kungomenya, mpaka matabwa anasweka. Anapotokola mpopi. Paipi inatsokomola, inanjenjemera, madzi n'kuyamba kuyenda. Iye anatsatira paipiyo wapansi, chidutswa cha bokosi chili m'manja osadziwa kuti wachinyamula.

Geti la waya linali lotsegula. Atalowa anaima.

Anayembekezera kuona tomato wofota. Sanayembekezere kuona dothi. Mizere khumi ndi isanu ndi itatu inali itazulidwa kale, mitengo yake itaunjikidwa milumilu, yotuwa, masamba akufumbutuka okha. Pansi panali mbwee titomato tating'ono tokwinyika, tosafika ngakhale pa dzira la nkhunda. Mizere iwiri yokha ya kufupi ndi nyumba ndi imene inali yobiriwira, ija ya ndowa. Mlongo wake ndi mlamu wake anali chiimire pakati pa munda, akuyang'ana madzi amene anatulukira mwadzidzidzi n'kuyamba kuyenda m'ngalande zopanda kanthu.

Kalipentala anafotokoza. Sanatalikitse, poti zinalibe potalikitsira. Mlamuyo anamvetsera mpaka kumapeto, anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso.

"Ooo," anatero. "Ndiye si sopo uja?"

"Si sopo, alamu."

"Ine ndiye ndimati mwina ndi sopo uja. Ndimati kapena tinachulutsa." Anapumira m'mwamba, ndipo nkhope yake inamasuka ngati munthu amene wauzidwa kuti mwana wake wachira. "Masiku onsewa chakudya sichimalowa, alamu. Ndimati ndapha tizilombo ta anthu."

Kalipentala akanakonda kumenyedwa khofi. Anayang'ana pansi, madzi akumunyowetsa nsapato.

"Tamverani," anatero Adokotala mwadzidzidzi, chala chili m'mwamba. "Chonde, tangokhalani chete."

Anthu anakhala chete. Kunkamveka kulira kwakukulu, kokhuthala, ngati njinga zamoto zambiri zili kutali. Kunkachokera ku shedi yopendekeka ija. Adokotala anapita chonyang'ama, ena onse pambuyo. Mitengo ya shediyo inali yakale, yofewa, yodula kutchire n'kuimika ndi makungwa omwe, yosaonapo mgolo chibadwire. Kuyambira pansi mpaka kudenga inali mabowo okhaokha. Utuchi watsopano unali mbuu pa makasu ndi pa matumba. Abemberezi ankalowa ndi kutuluka, akuda, onenepa, misana ili chikasu, ochuluka osawerengeka. Ndipo kuseri, pa mpanda umene mlamuyo anangoponyapo magalagadeya ake chifukwa mawaya adzamanga mawa, zipatso zinali lende lende mpaka mpanda kuwerama.

"Makhadi aja," anatero Adokotala. "Munkalemba zoona."

"Nanga ndikanalemba chiyani?" anafunsa mlamuyo modabwa. "Munati tizilemba zimene taona."

"M'dera lonseli otsala ndi amenewa. Tikayambiranso, tiyambira pano." Adokotala anatembenukira gulu. "Shedi iyi munthu asaikhudze. Ngakhale msomali umodzi."

Kalipentala anali ataima pansi pa denga lopendekekalo. Chaka chonse ankauza mlongo wake kuti mwezi ukatha abwera kudzagwetsa chinyazi chimenechi n'kumanga cha matabwa enieni. Chinamuletsa n'kuchuluka kwa ntchito, makamaka ya tinyumba makumi anayi tija. Anafuna kunena kanthu kwa mlongo wakeyo, za mbewu zatsopano, za sukulu ya ana, za kudzagwira ntchito m'mundamu mpaka tomato wina atabereka. Mlongoyo anali pambali pake penipeni, koma chifikireni kalipentala, mayiyo anali asanamuyang'ane kumaso ngakhale kamodzi.

Utuchi unamugwera m'khosi mwa malaya. Bemberezi wamkulu anatsika kuchokera kudenga, n'kuima m'malere patsogolo pa mphuno yake, akulira, akumuyang'ana. Mutu wa kalipentala unali kutali, ku mizere khumi ndi isanu ndi itatu. Dzanja lokha ndi limene linakwera, ndi chidutswa cha thabwa chija, monga linkachitira zaka makumi atatu.

Zala zokhakhala ndi ndowa zinamugwira pamkono mwamphamvu.

"Achimwene," anatero mlongo wake, akumuyang'ana m'maso tsopano. "Mwapha okwana."

Thabwalo linagwera m'matope. Bemberezi anazungulira kamodzi n'kulowa m'bowo lake, ndipo madzi anapitiriza kudutsa pamapazi pawo kupita m'mizere yopanda kanthu.